Telekinesis mu D&D: mmene taionera titaisewera miyezi ingapo

Gulu lathu la Dungeons & Dragons, masewera ofotokoza nthano ndi kuponya madayisi, limakumana Loweruka masana ku Kapata, kuno ku Chipata, ndipo DM, woyendetsa masewerawo, ndimakhala ine. Chifikireni wizard (wamatsenga) wathu pa levulo 9 n'kutenga Telekinesis, matsenga osuntha zinthu ndi maganizo, tsamba limenelo la buku la malamulo la Player's Handbook lachita kuda ndi zala.

Tinayamba ndi buku la 2014. Pa katundu silizungulira: umanyamula chinthu chosapyola mapaundi 1,000, ngati matumba 9 a chimanga a makilo 50, n'kuchisuntha mafiti 30 ulendo umodzi, koma chisatuluke m'mafiti 60. Vuto linabwera pa adani. Wizard amaponya dayisi, mdani n'kuponya yake ya Strength (mphamvu), wa nambala yaikulu ndiye wapambana. Popeza umenewu ndi mpikisano, osati saving throw (kuponya dayisi kodzipulumutsira), Legendary Resistance, mwayi umene zilombo zikuluzikulu zili nao wosandutsa saving throw yolephera kukhala yopambana, siigwira ntchito. Dragon wamkulu amene ndinamukonzekera bwinobwino anangolendewera m'mwamba, achimwene a fighter (wankhondo) akumulasa mivi mwakufuna kwawo. Zinandipweteka, koma lamulo linali kumbali yawo.

Buku la 2024 linakonza zimenezi. Tsopano mdani amaponya saving throw ya Strength, masewero amathamanga, ndipo zilombo zikuluzikulu zili ndi pothawira. Apa ndikuliyamikira ndi mtima wonse. Chimene sindinakonde n'chakuti linachotsa malire a kulemera n'kungoti chinthu chisapyole saizi ya Huge (ngati njovu). Kodi chimwala chachikulu chomwecho chinyamuke ngati ngolo yopanda katundu? Ife tinagwirizana kutenga la 2024 pa adani, la 2014 pa katundu.

Mkangano umene unatitengera nthawi ndi wa kugenda. Mabuku onse awiri sanena kuti mwala ukagwera munthu amavulala bwanji. Ndinagamula kuti Telekinesis imasuntha, siiponya. Ukakweza mdani mafiti 30 n'kumusiya, amavulala ndi 3d6 basi (madayisi atatu a mbali 6), potsata lamulo la kugwa la 1d6 pa mafiti 10 alionse. Za mwala tinabwereka lamulo la mu Tasha's Cauldron of Everything la 2020, lonena za wina kugwera mnzake: wapansiyo aponye Dexterity (changu) n'kufika pa 15 kuti alewe.

Kwa a DM anzanga, musathamangire kuiletsa. Imafuna concentration (kuti wizard asasokonezeke maganizo), ndipo imatha pa mphindi 10. Ikani oponya mivi awiri kumbuyo kwa thanthwe alunjike wizard, chifukwa muvi uliwonse womulasa umamukakamiza kuponya Constitution (kupirira kwa thupi) kuti asataye chimene wagwira.