Matumba a mchenga kapena aja omwa madzi?

Ambiri mwakhala mukundifunsa za matumba omwa madzi aja mlamu wanga anatumiza kuchokera ku UK, ngati amaposa a mchenga potchinga madzi osefukira pakhomo, ndiye ndingoyankha kamodzi. Ife tili kufupi ndi Lingadzi, amene mukukumbukira madzi osefukira a ku Mtandire mu 2017 mukudziwa kuti mtsinje umenewu suchenjeza.

Mkati mwa matumbawa muli ufa womwe uja wa m'madayapa a ana, ukakhudza madzi umafufuma. Thumba likakhala louma ngakhale mwana anyamula, malo osungira safuna ambiri, pamenepo mchenga wagonja, sinditsutsa.

Koma chimene ogulitsa sanena mokweza n'chakuti muyenera kuwanyowetsa kaye. Limodzi limamwa malita pafupifupi 20, ndiye matumba 10 okha ndi diramu yathunthu, nanga usiku mvula ili pakati, magetsi azima, pampopi pakungotuluka mphepo, diramuyo muitenga kuti? Ife tinangowayala pakhomo ouma kuti amwa omwewo akubwerawo, aaa madzi othamanga sadikira thumba lifufume, awiri anayandama mpaka kuseri kwa bafa. Otsalawo anagwira ndithu koma madzi osefukira kuno amabwera ndi za m'zimbudzi zokumba, thumba likamwa zimenezo simungalichape, simungaliumitse n'kusunga, n'kutaya basi. Ndiye taganizani, chinthu chogulidwa ndi mapaundi, kuonjezapo yotumizira ndi msonkho polandira, ntchito usiku umodzi. Mlamu sindinawauze, angakhumudwe.

Mchenga ndi wolemera, msana umamva, ndipo matumba a fetereza akakhalitsa padzuwa amafumbutuka, chaka chamawa mufunanso ena. Koma ndi ndalama zingati pamsika? Mchenganso aganyu amabweretsa pa wilibala. Ingothirani theka kapena kupitirira pang'ono, osadzaza, muwasanje mopingasa ngati njerwa, kupondaponda, ndipo muyambe mwayala pulasitiki wakuda chifukwa mchenga wokha umadontha ndithu.

Matumba a mitundu iwiri yonseyi ndi a madzi ofika m'akakolo kapena m'mawondo. Zija za namondwe Freddy ku Chilobwe mu 2023, matope ndi miyala kutsika m'phiri la Soche, palibe thumba lingaimitse, kumeneko n'kuthawa.

Ine ndabwerera ku mchenga, ndimadzaziratu mu Novembala. Omwa madziwo mwina kwa agogo okhala okha opanda wowanyamulira, koma diramu ikhale yodzaza pakhonde.