Kabolodi ka ATX koyendetsera chaja ya mabatire a LiPo

Kabolodi aka, komwe kamagulitsidwa motchipa pa intaneti, kamasandutsa power supply ya mtundu wa ATX (bokosi lopereka magetsi mkati mwa kompyuta) ya kompyuta yakale kukhala gwero la magetsi a chaja ya mabatire a LiPo (lithium polymer) a ndege ndi magalimoto oyendetsedwa ndi rimoti. Munthu amangolowetsa pulagi ya mapini 24 ya power supply pakabolodiko, ndipo swichi yake imalumikiza waya wobiriwira ndi wakuda kuti power supply iyake, kotero palibe chifukwa chodula mawaya kapena kutsegula bokosi, momwe makapasita (tizipangizo tosunga magetsi) amasungabe magetsi oopsa ngakhale mutazimitsa.

Vuto lili pa mafyuzi. Kanga kanabwera ndi a 5A, kutanthauza kuti pa 12V chaja imapeza mawati 60 okha, pomwe batire ya 4S (ya maselo anayi olumikizidwa motsatizana) ya 5000mAh imafuna pafupifupi mawati 84 ikamachajidwa pa 5A. Kuikapo fyuzi yaikulu sindikulimbikitsa, chifukwa pulagiyo ili ndi mawaya awiri okha achikasu a 12V, ndipo tinjira ta kopa pabolodi tingatenthe. Komanso ma power supply ena akale amagwetsa 12V ngati mbali ya 5V ilibe chogwiritsa magetsi, choncho kumbali imeneyo ndinaikapo rezista ya 10 ohm ya mawati 10 kuti izigwiritsa magetsi.

Kwa mabatire a 3S a 2200mAh, omwe amafuna mawati osafika 30 akamachajidwa pa 2.2A, kamagwira ntchito bwino ndithu.