Masitazi ya theology ya pa intaneti: zomwe sindinakuuzeni chaka chatha chija

Lolemba lapitali kwabwera imelo ya bilu, madola 340, akuti ndi ndalama yopitirizira semesita ina chifukwa thesisi yanga, kafukufuku wolemba womalizira masitazi, sinathe pa nthawi yake. Sabata yomweyi abusa ena a ku Ngabu andiimbira kufunsa ngati nawonso alembetse pasukulu yomweyi, poti anawerenga zomwe ndinalemba nditangomaliza chaka choyamba, zoyamikira zokhazokha zija. Ndiye ndaona kuti si bwino anthu azipanga chisankho potengera zakale pomwe zinthu zinasintha. Dzina la sukulu sinditchula, ingodziwani kuti ndi seminale ya ku America yophunzitsa pa intaneti, ili ndi kaofesi ka ejenti ku Blantyre. Ine ndine mphunzitsi wa BK pa CDSS ina cha ku Bangula kuno, komanso mkulu wa mpingo, ndinayamba mu Ogasiti 2023.

Zabwino ziliko ndithu ndipo sindizibweza. Layibulale yawo ya pa intaneti ndi yaikulu, mabuku oti kuno sungawapeze ngakhale ku Blantyre umangotsitsa. Maphunziro amajambulidwa kale, ndiye kalasi ya pa Zoom ikakhala 2 koloko ya usiku kwathu kuno sukakamizidwa kudzuka, umadzaonera mawa lake. Chigiriki anandiphunzitsa bwino, pano Luka ndi Machitidwe ndimatha kuwerenga pang'onopang'ono ndi dikishonale pambali. Kosi ya aneneri inandithandiza ngakhale m'kalasi mwanga, nkhani ya Yesaya kugawidwa patatu, 1 mpaka 39, 40 mpaka 55, ndi 56 mpaka 66, komanso chifukwa chake Koresi akutchulidwa dzina pa 44:28 ndi 45:1, ana anga a Fomu 4 tsopano amaimva osati kungoloweza. Ma asainimenti amachongedwa msanga. Za netiweki ndi magetsi sindingadandaule kwa iwo, ndi zathu zomwe, bandulo ndimagula ya usiku, laputopu mu Okutobala imatentha mpaka kuzima yokha ndiye ndimalemba mbandakucha kusanatenthe.

Pomwe pavuta ndi pa thesisi, ndipo apa ndifotokoza bwinobwino chifukwa ndi pomwe pali ndalama zanga.

Mutu wanga ndinautenga pa zomwe tinaona ndi maso pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Anthu atadzaza m'makampu, m'masukulu ndi m'matchalitchi, azibusa osiyanasiyana ankabwera kudzalalikira, ndipo ine ndinkamva maulaliki amitundu itatu. Ena ankapita ku Genesis 6 mpaka 9, kuti madziwa ndi chilango, lapani. Ena ankatsegula Salimo 69, kulira kwa munthu amene madzi amufika m'khosi, osaweruza aliyense. Ochepa kwambiri ankapita pa Luka 13, pomwe Yesu akufunsa za anthu 18 amene nsanja ya Siloamu inawagwera, ngati anali ochimwa kuposa anzawo, n'kuyankha yekha kuti iyayi. Ndiye pambali pa zonsezi agogo athu ena ankanong'ona kuti ku Khulubvi, kukachisi wa Mbona, mzimu wa makolo wopemphako mvula, sikukusamalidwa, Mbonayo wakwiya, ndipo amene ankanena izi ndi omwewo amene Lamulungu amakhala kutsogolo m'tchalitchi. Ine ndinkafuna kufufuza kuti Mkhristu wa kuchigwa kuno, amene 2015 anathawa madzi, 2019 anathawanso pa Idai, 2022 pa Ana, amawerenga bwanji Baibulo madzi akamutengera nyumba. Nkhani imeneyi imandikhudza kwambiri chifukwa ndinaona mayi wina wotaya mwana akuuzidwa pa guwa kuti afufuze tchimo lake.

Supavaiza woyamba anaukonda mutuwo, tinayenda bwino mpaka chaputala chachiwiri. Kenako anangoti zii. Imelo osayankha, chaputala ndatumiza chili pomwepo osatsegulidwa. Ndinalembera ku ofesi yawo, akuti dikirani ali pa tchuthi. Miyezi ikupita. Pomaliza ndinamva kwa mnzanga wa ku Zambia wa mu gulu lathu la WhatsApp kuti munthuyo anasiya ntchito kalekale, sukulu osatiuza ife ophunzira ake.

Anandipatsa wachiwiri. Bamboyu ndi wophunzira ndithu, Chipangano Chakale amachidziwa, koma atangoona za Mbona anati chotsani zonsezi, izi ndi zosakaniza Chikhristu ndi zachikunja, sizoyenera mu thesisi ya Baibulo. Ndinamufotokozera mwaulemu kuti ine sindikulalikira Mbona, ndikulemba zomwe zili m'mitu mwa anthu amene tikuwalalikirawo, ndipo sindine woyamba, bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wa ku Holland wa chipani cha a Montfort, anagwira ntchito kuchigwa konkuno n'kuchita kafukufuku wamkulu wa Mbona amene mpaka lero ophunzira amamuwerenga. Ndinamukumbutsanso kuti Uthenga unafika kuno kalekale, Livingstone anakwera Shire mu 1859, Bishopu Mackenzie anamwalira mu Januwale 1862 cha komwe Ruo amathira mu Shire, a mishoni anzake ena manda awo ali kwa Chibisa ku Chikwawa, ndipo zaka zonsezi kachisi wa ku Khulubvi sanathe, ndiye wolemba za chikhulupiriro cha kuno n'kudumpha zimenezi walemba za dziko lina. Anayankha mizere iwiri, kuti aganizira. Kuganizirako kunatenga theka la semesita. Atabwerera anavomera kuti zikhalemo koma ndilembenso chaputala choyamba ndi chachiwiri mwa njira yake, komanso ndikatenge chilolezo chatsopano cha komiti yawo yoona za kafukufuku wofunsa anthu, poti choyamba chija chinali ndi dzina la supavaiza wochokayo. Komitiyo imakumana kamodzi pa nthawi yaitali. Ine ndinali nditayenda kale pa kabaza mpaka kwa Tengani ndi ku Makhanga, kuwoloka pa bwato, kucheza ndi azibusa ndi amayi a mvano, ndipo kwa kanthawi ndinkaopa kuti anena kuti zonse zija zitayidwe. Mwamwayi sanatero.

Ndiye onani, nthawi yonse yomwe ine ndinkadikira iwo, wotchi ya fizi imayenda. Chaka chachiwiri chatha, thesisi ili pakati, iwo n'kunditumizira bilu ngati wochedwa ndine. Zili ngati mmisiri wakusungira njinga miyezi osaikhudza kenako n'kukulipiritsa ya malo osungira. Iyi ya Lolemba ndi yachiwiri. Yoyamba ndinalipira ndi ndalama ya chitowe chomwe mayi a kunyumba analima.

Nkhani ya dola nayo muimvetse musanasaine kalikonse. Pomwe ndinkayamba dola inali cha m'ma K1,100. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola n'kufika cha m'ma K1,700, fizi yomweyo ya madola n'kukwera usiku umodzi, malipiro a mphunzitsi ali pomwepo. Ndipo mtengo wa ku banki uja ndi wa papepala, ukapita ndi invoisi yako amati lembani fomu mudikire, forex kulibe, ndipo kudikirako sukulu siikudziwa, tsiku likakwana amangotseka akaunti yako, layibulale osalowanso. Apa ndi pomwe ejenti wa ku Blantyre amalowera, amalandira makwacha pa Airtel Money kapena Mpamba iye n'kulipira kunjako, koma pa reti yake, yoyandikira ya pa black, osati ya ku banki. Poyamba ankandilankhula bwino kwambiri, akulu musadandaule sikolashipu ya ophunzira a mu Africa ikudulirani theka mpaka mumalize. Theka amaduladi pa makosi, zimenezo sananame. Koma ndalama yopitirizira thesisi ilibe kuchotsera kulikonse ndipo sanaitchulepo ngakhale kamodzi. Nditamufunsa anati zimenezo ndi za ku likulu, iye amangolembetsa anthu. Ndinakwera minibasi kukwera Thabwa kukamuona pamaso, ndinapeza ofesi yotseka, akuti ali ku Lilongwe kukalembetsa ena.

Masiku ena ndimakwiya mpaka kufuna kungozisiya. Masiku ena ndikatsegula Luka 13 m'Chigiriki ndikukonzekera ulaliki wa pa maliro, ndimati ayi ndapindula, sindine munthu yemwe uja wa 2023. Ndipo ndinene chilungamo, supavaiza wachiwiriyu atawerenga zomwe amayi a ku Makhanga ananena, wasintha, ndemanga zake pa chaputala chachitatu zinali zozama ndipo anandilozera ku buku la Maliro ndi la Yobu m'njira yomwe ndekha sindikanaiona. Vuto si kuti aphunzitsi ndi mbuli ayi. Vuto ndi loti ukakhala ku Nsanje iwo ali kutsidya la nyanja, ulibe khomo loti ukagogode, ndipo kuchedwa kwawo amalipira ndiwe.

Abusa anga ndi aphunzitsi anzanga amene mukufuna masitazi, yang'anani kaye za konkuno. University of Malawi ku Zomba ili ndi dipatimenti ya Theology and Religious Studies, imapereka masitazi ndi PhD, ndipo mabuku ambiri a mbiri ya mpingo m'Malawi a Kachere anachokera kumeneko. Mzuni ku Mzuzu nayo ili ndi masitazi ndi PhD pa phunziro lomweli, kutali inde kuchokera kuchigwa kuno koma umalipira makwacha. A CCAP mukudziwa kale za Zomba Theological ndi Nkhoma, a Assemblies muli ndi yunivesite yanu ya MAGU ku Lilongwe, pitani mukafunse zomwe akupereka chaka chino pamwamba pa digiri yoyamba. Kumalo amenewa ukatchula Mbona kapena Khulubvi palibe amene angadabwe, lekichala wake mwina anafikako. Ngati mukufunabe za pa intaneti, ku South Africa kuli yunivesite ya UNISA ndi seminale ya SATS, ndalama yake ndi ya kunjabe koma nthawi ndi imodzi ndi yathu, 2 koloko kwawo ndi 2 koloko kwathu. Ku Lusaka kuli Justo Mwale kwa amene angathe kuchoka pakhomo.

Ndipo kulikonse komwe mungasankhe, funsani za kuvomerezeka kwake. Sukulu yangayi ndinaifufuza ndisanalipire, ili pansi pa ATS, bungwe loona za maseminale ku America ndi Canada, ndiye pamenepo mtima uli m'malo. Za mu Africa zambiri za ma evangelical zimayendera ACTEA, bungwe lovomereza sukulu za theology mu Africa. Koma kwa ife ogwira ntchito m'boma chofunika ndi choti NCHE, bungwe la boma loona za maphunziro apamwamba ku Lilongwe, idzalizindikire pepalalo, apo ayi udzangolipachika pakhoma. Kuli timasukulu tambiri tomwe tikubwera m'matchalitchi mwathu muno, kulonjeza masitazi pa miyezi isanu ndi umodzi ndi udokotala waulere bola ugule gauni, azibusa athu akumidzi akugulitsa mbuzi chifukwa cha zimenezi ndipo zimandiwawa.

Pa bilu ija ndachita chonchi. Ndasonkhanitsa maimelo onse ndi madeti ake, tsiku lomwe ndinatumiza chaputala ndi tsiku lomwe anayankha, ndatumiza kwa dini, mkulu woona za maphunziro pasukulupo, osadzeranso kwa ejenti. Mayi wa ku ofesi ya dini wandiyankha mwaulemu, wavomera kuti kusintha kwa supavaiza sikunayende bwino, akuti andichotsera theka la bilu imeneyi, koma yoyamba ija sabweza. Ine ndawayankha kuti theka sindikukhutira nalo chifukwa semesita yonse yotayikayo inatayikira m'manja mwawo. Akachotsa yonse ndidzanena kuti ndi sukulu yabwino yokhala ndi ofesi yosalongosoka, ndipo munthu amene ali ndi m'bale kunja womulipirira madola akhoza kulowa. Akakana, sindingauze munthu wolandira makwacha kuti alowe, olo maphunziro ake akome bwanji. Amene mwatsimikiza mtima kale, muuzeni ejenti akulembereni pa pepala ndalama zonse, ya makosi, yopitirizira thesisi, ya graduation ndi yotumizira satifiketi, komanso chomwe chimachitika supavaiza akachoka pakati pa ntchito. Ziwiri zomalizazo, ya graduation ndi yotumizira, ndawafunsa mu imelo yomweyo ndipo sanandipatsebe mtengo wake.