Google Forms, Odoo kapena Zoho Recruit: tigwiritse ntchito iti polemba antchito ku Salima?

Nyengo ya Khirisimasi ikayandikira, malo ogona alendo ku Senga Bay amafuna ophika, operekera zakudya ndi alonda. Mungolengeza malo awiri, makalata amadzaza katoni. Musanasankhe pulogalamu yokuthandizani, yambani mwaganizira foni imene munthu wofuna ntchitoyo ali nayo m'manja, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Google Forms, yopangira mafomu a pa intaneti, ndi yaulere, ndipo mukailumikiza, mayankho amangogwera okha mu Google Sheets, tebulo la pa intaneti. Koma pali msampha. Mukaikamo funso loti munthu atumize CV kapena satifiketi ya MSCE, fomu yonse imayamba kufuna kuti wodzazayo alowe ndi akaunti ya Google. Mnyamata wa ku Chipoka amene wabwereka foni ya mlamu wake, bando yangotsala pang'ono, amangoisiya pomwepo, mwinatu ndiye anali wophika waluso kuposa onse. Funso limenelo lichotseni. Funsani dzina, nambala ya foni, kumene amakhala, sukulu analekezera pati, ndi kumene anagwirako ntchito. Zikalata adzabwere nazo patsiku la intavyu. Kufooka kwa Google Forms nkwakuti sikuuzani amene mwamuyitana kale ndi amene mwamukana. Muyenera kumalemba nokha pambali, ndipo mukakhala atatu pa ntchitoyi, kusokonezana sikuchedwa.

Apa mpamene Odoo, ya ku Belgium, imaposa. Wofunsira ntchito aliyense amakhala ndi kakhadi kake, ndipo mumakakoka kuchoka pa gawo lina kupita pa lina: wangofika, wayitanidwa, wapatsidwa kontrakiti. Ntchito iliyonse mutha kuipatsa imelo yakeyake, kalata ikafika nkudzilowetsa yokha. Mwa mapulogalamu awo osiyanasiyana, a Odoo amalola imodzi mwaulere pa intaneti. Chonde musaisiye momwe yabwerera. Magawo ake anakonzera ntchito za mu ofesi, ndi maintavyu awiri. Mlonda safunika zonsezo, pamene wophika amafunika gawo loti aphike chambo inu mulawe. Mauthenga okana munthu alembeninso m'Chichewa chaulemu, chifukwa amene mwamukana lero mudzakumana naye mawa pa Kamuzu Road. Odoo imafuna intaneti yodalirika. Mukafuna kuiika pa kompyuta yanu, mufunika katswiri ndi sola yoti magetsi akazima ntchito isaime.

Zoho Recruit, ya ku India, ndi yamphamvu, koma yaulere yake imalola ntchito imodzi yokha panthawi imodzi. Kupitirira apo mumalipira m'madola, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imeneyo si yamasewera, osanena za kuvuta kopeza madolawo. Luso lake lowerenga CV limathandiza pofuna akauntanti kapena manijala. Pa kalata yolembedwa pamanja silikuthandizani.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chinsinsi cha anthu. Kuyambira 2024 tili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, limene amaliyang'anira ndi a MACRA. Mu Odoo ndi Zoho mumasankha amene angaone mafomu. Mu Google Sheets, linki ikangotsegulidwa kwa aliyense nkugwera pa gulu la WhatsApp, manambala a atsikana onse amene anafunsira ntchito ali pambalambanda. Gawanani ndi anthu awiri kapena atatu powatchula maimelo awo, basi. Chiphaso cha unzika musachifunse kufikira mutasankha munthu, ndipo mtundu kapena chipembedzo zisapezeke pa fomu. Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa tsankho lotere.

Ine ndikanakhala ndi loji yolemba anthu kawiri pachaka, ndikanatenga Google Forms, linki nkuimwaza pa WhatsApp, nkusiyanso mafomu apepala pageti oti kalaliki azilowetsa madzulo. Amene amalemba antchito chaka chonse m'madipatimenti angapo atenge Odoo, koma asanalengeze ntchito adzaze okha fomuyo pa foni yotchipa, ataima panja pa ofesi pomwe Wi-Fi sifika.