Suti ya gala night pa sitima ya ku Durban, ndinakakonzetsa kwa telala wa ku Old Town

Azibambo amene mukukonzekera kukakwera sitima zonyamukira ku Durban zija, zopita ku Portuguese Island kapena ku Pomene ku Mozambique, ndipo mwamva zoti kumakhala usiku wotchena, musathamangire kukagula tuxedo kapena suti yonyezimira ya mu mall ayi. Yambani mwapita kwa telala wodziwa ntchito. Ine ndinapita kwa madala ena ake omwe ali ndi kashopu ka masuti ku Old Town ku Lilongwe, ukamatsika Malangalanga kulowera cha kumsika, ndipo pa ntchito ya manja awo ndilibe nawo mawu, ndi madolo. Zilipo zina za pashopupo zomwe sizinandisangalatse ndipo ndizinena, koma suti yomwe ndinatenga kumeneko inandiyimilira bwino kwambiri.

Ambirife sitima yomwe timayidziwa ndi Ilala, yomwe yakhala ikuyenda panyanja yathu kuyambira 1951, ndipo mmenemo palibe angakufunse zomwe wavala bola uli ndi tikiti. Izi zinazi ndi hotela yathunthu yoyandama. Za kampani ya MSC zimabwera ku Durban nyengo yotentha, cha mu November mpaka cha mu April, maulendo ambiri ndi aafupi a usiku 3 kapena 4, nde pa ulendo wa usiku 4 gala night, usiku wotchena uja, imakhala kamodzi, ukakhala wa sabata kawirikawiri imakhala kawiri. Usiku umenewu mu lesitilanti yaikulu anthu amalowa atatchena, ojambula zithunzi amaimika magetsi awo paliponse, ma ofisala a sitima amatuluka atavala ma yunifomu awo kudzacheza ndi anthu. Palibe amakukakamiza, ukafuna ukhoza kukadyera ku buffet uli mu jinzi, koma mlongo wanga yemwe amagwira ntchito ku Durban ndi amene anatilipilira ulendowu ine ndi mayi akunyumba ndipo ananena poyera kuti achimwene musadzandibwelere ndi shati ya ku ofesi. Ndinamumvetsa, mkazi wako watchena diresi lalitali iwe uli pambali ngati wangomuperekeza, sizikhala bwino.

Kashopuko ndi kakang'ono. Kutsogolo kuli masuti atsopano ochokera kunja akadali mmapepala awo, kumbuyo kuli a kaunjika osankhidwa bwino omwe anachapitsa kale ku dirayi kilina, pakona pali makina awiri, amagetsi ndi Singer yakale yopalasa ndi mwendo. Madalawo tepi ili pakhosi, choko mthumba la shati. Nditafotokoza za ulendo, funso lawo loyamba silinali la ndalama zomwe ndili nazo, anati, "Achimwene, sitimayo ikupita kotentha kapena kozizira?" Nditati Durban mu December anangotsitsa jekete yakuda yowala yomwe mnyamata wawo anali atandibweretsera kale nkuyibweza pa hang'ala, amvekere iyi ndi poliyesita yokhayokha, kumeneko kuli chinyezi muzakhala mukusamba thukuta musanafike ndi patebulo pomwe.

Apa mpamene ndinaona kuti munthuyu sakungofuna kugulitsa, chifukwa yomwe anabwezayo inali yodula kuposa yomwe anandisankhira. Anakatenga kumbuyo suti ya navy blue, ya kaunjika, nsalu yake ya wulu koma yopyapyala, anagwira mkono wa jekete nkuufinya mdzanja mwamphamvu kwa kanthawi kenako nkuusiya, nsalu inangobwelera yokha osasiya makwinya. Anachitanso chimodzimodzi pa yowala ija, mzere unatsala pomwepo. Anati suti yopita nayo paulendo mumayesa chonchi, musamaone mtundu wokha. Kenako anatembenuza mkati kundionetsa layining'i, kuyang'ana mkhwapa ngati muli mothothoka, kumatako kwa thalauzi ngati kwayamba kuwala chifukwa chokhalira, ndi zigongono. Zinthu zoti ukamagula wekha pa Tsoka anyamata akukukoka uku ndi uku sungaziganize nkomwe.

Ndinawafunsa za tuxedo chifukwa pa intaneti zithunzi zambiri za usiku umenewu ndi azibambo ovala bow tie. Anali nayo imodzi yobwereketsa kwa akwati, ananditsitsira kuti ndione kusiyana kwake, kolala ya jekete yokutidwa ndi satini, kamzere ka satini kutsika mmbali mwa thalauzi, thalauzi lake lopanda moloweka lamba. Ndiyokongola shuwa. Koma anati mukagula iyi mukabwerako mudzayivala kuti? Ku ofesi ayi, ku tchalitchi ayi, kumaliro nde ayi ndithu. Ndipo zoona zake nzakuti ngakhale sitima za kampani ya Cunard, za Queen Mary 2 zija zomwe zimadziwika kuti pa kavalidwe sizisewera, pa gala evening zimalola suti yakuda kapena ya mtundu wodera bola pali tayi. Za kampani ya Norwegian ndiye usiku wokakamiza kutchena kulibe nkomwe. Nde pa sitima ya ku Durban yodzaza mabanja ndi ana, suti ya navy blue kapena charcoal yokukhala bwino yakwana, ndipo ndi mmene masuti atsopano anakwelera mtengo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, munthu uyenera kugula chinthu choti uzachivalanso ku ukwati ndi ku chinkhoswe.

Pomwe ndikufuna ndikhalitsepo ndi pa kuyeza, chifukwa ndi pomwe ndalama yanga inagwira ntchito. Anandivalitsa majekete angapo koma sankayang'ana pamimba kapena kutalika, ankangoyang'ana mapewa basi. Amati mapewa akalakwika jekete yatha, kwina konse ndikhoza kubweza koma mapewa kuwakonza nkuphwasula jekete yonse ndipo sibwelera mwakale. Anandiimika chammbali pakhoma nkuti ndiyandikire pang'onopang'ono, ngati sponji ya paphewa yayamba kugunda khoma mkono usanagunde ndiye kuti jekete yakula. Titapeza yokhala bwino mmapewa mpamene anayamba ndi mapini, atawaluma pakamwa, kubweza kumsana kuti isakhwepe, kulemba ndi choko pamikono kuti shati izionekako pang'ono, mwina sentimita imodzi, osati jekete kumeza dzanja mpaka zala mmene timaonera masuti ambiri mtauni muno. Thalauzi anakana kulidula tsiku lomwelo. Anati bwerani ndi nsapato zomwe mukavale, sindingapinde thalauzi muli mu masandasi, ndipo mubwerenso ndi shati yake. Nditabwera nazo analipinda kuti lizingokhudza pamwamba pa nsapato kamodzi, osaunjikana pansi, anasiyanso nsalu yokwanira mkati kuti ndikadzafuna kutalikitsa zizatheka. Mchiuno anasiya kampata dala, akuti mu sitima mumadya kwambiri ndipo gala night simakhala tsiku loyamba. Ananena zoona.

Pomaliza anandimangitsa batani lapamwamba lokha, lapansi anati limenelo silimangidwa, ndipo mukamakhala pansi muzimasula. Ananena mwaulemu, osati mokuchititsa manyazi.

Kanthu kena komwe ndinakakonda, mayi akunyumba anali atasoketsa diresi ku Area 25 ndipo panatsala kachidutswa ka chitenje. Madala aja anakadula nkukapinda mmbali bwinobwino kukhala kampango ka mthumba la jekete, sanandilipiritse. Tayi anati ikhale yosalemba zambiri popeza kampangoko kali kale ndi maluwa. Pa zithunzi zomwe tinajambulitsa usiku umenewo chimaoneka koyamba ndi chimenecho, kuti anthu awiriwa ndi amodzi, ndipo mayi wina wa ku South Africa patebulo lathu anafunsa komwe tinagula nsaluyo.

Tsopano zomwe sizinandikomere. Tsiku lomwe anandiuza kuti ndikatenge suti inali isanathe, thalauzi lokha ndi lomwe linali litapindidwa, jekete ili pomwe ndinaisiya ndi mapini ake. Chifukwa chake akuti magetsi anavuta komanso panabwera masuti a operekeza ukwati omwe amafunika Loweruka. Za magetsi ndikumvetsa tonse tikukhala mu Lilongwe momwemu, koma foni ilipo, akanatha kundiimbira ndisanawononge mafuta kuchokera ku 47 nkukaima pa mzere wa magalimoto pa mlatho paja dzuwa lili pamutu. Ndipo foni yawo sayankha kawirikawiri, imakhala mu diloo. Munthu amene ndege yake ndi ya mawa lake akhoza kulira. Lisiti ya dipoziti ndinachita kuipempha, sapereka okha, ngakhale amalandira Airtel Money ndi Mpamba nde uthenga wa pafoni umakhala umboni. Poyesera zovala ndi kuseri kwa katani, galasi lake lalifupi loti suona miyendo, umachita kutuluka panja kuti mnzako akuuze mmene thalauzi lakhalira.

Mashati ndi nsapato za pashopupo musagule. Ndikunena mosabisa ngakhale madalawo ndimawalemekeza. Mashati ake oyera ndi opyapyala moti vesiti imaonekera, kolala yofewa yoti ukamanga tayi imapindika, ndipo nsapato zake ndi zowala zapulasitiki zija zomwe zimasweka pokhota phazi. Iwonso sanandikakamize, nditagwira shati imodzi anangoti pezani ya kotoni yolimba kolala, ndipo poyesa mulowetse zala ziwiri pakhosi mutamanga batani. Nsapato ndinatenga zanga zakale zakuda zachikopa, zomanga ndi zingwe, ndinakaikitsa labala pansi kwa okonza nsapato chifukwa pa deki ya sitima pamanyowa ndipo chikopa chimatelera. Kupolisha bwino basi. Masokosi akuda aatali, kuti ukakhala pansi mwendo usaoneke.

Chinthu chomwe anthu ambiri sadziwa, mu sitima simbi saloleza, amaopa moto, ikapezeka mchikwama pokwera amaisunga. Kusititsa kulipo koma nkolipira. Nde nkhani ya nsalu yosakwinyika ija si yamasewera, makamaka amene mukuyenda pa basi kudzera ku Tete, Harare ndi Beitbridge chikwama chili pansi pa katundu wa anthu ena. Ife tinakwera ndege pa KIA mpaka Johannesburg kenako Durban komabe sutikesi ndi sutikesi. Madala aja anandionetsa kapindidwe kake patebulo lawo lodulira, kutembenuza phewa limodzi kuti layining'i ikhale kunja, kulowetsa phewa linalo mkati mwake, kenako kupinda kamodzi pakati mutaika thalauzi kapena juzi pamphindiropo kuti pasathyoke mzere. Anandichititsa ndekha mpaka nditakhoza. Anatinso mukangolowa mu kabini chinthu choyamba muikoleke pa hang'ala, ndipo mukamasamba madzi otentha muikoleke ku bafa nthunzi iwongole. Ndinachita zomwezo ndipo sindinalipire kusititsa jekete, shati yokha ndi yomwe ndinapereka.

Usiku wake weniweniwo ndinaona mitundu yonse. Analipo ochepa a tuxedo, ambiri masuti wamba, ena jekete ndi thalauzi losiyana opanda tayi, ena shati yokha. Palibe anabwezedwa pakhomo pa anthu amenewa, omwe sakhala bwino mu lesitilanti usiku ndi akabudula ndi mapatapata. Mkati mwa sitima eyakoni imazizira ndithu moti jekete umaifuna, koma ukangotuluka pa deki kukapuma mphepo chinyezi cha Indian Ocean chimakumata nthawi yomweyo, apa mpamene ndinawayamikira madala aja chifukwa ine ndinakhala ndi jekete yanga mpaka kovina pomwe anzanga a masuti owala anali atavula kale akoleka pamipando, mashati atanyowa kumsana. Kumakhalanso usiku wovala zoyera, nde shati yoyera mutenge ziwiri, ya gala ikhale payokha.

Pa mtengo, suti ndi kubweza konse pamodzi sizinafike theka la zomwe ankanena pa masuti atsopano omwe ndinaona mmashopu a ku Gateway Mall mtauni muno, ndipo madalawo kukambirana amalola koma osati kwambiri, amati ntchito ya manja simanenelera ngati tomato. Pamenepo sindinalimbane nawo.

Amene mukupitako mupite kudakali masabata atatu kapena anayi ulendo usanafike, makamaka ngati ndi November kapena December pomwe atelala onse mtauni amakhala atapanikizika ndi maukwati, ndipo tsiku lonyamuka muwauze loyandikira kuposa lenileni. Pitani mkati mwa sabata kummawa, Loweruka mumadzaza operekeza akwati simungapeze mpata woti akuyezeni modekha. Nsapato ndi shati munyamule tsiku loyamba lomwelo kuti musayende kawiri, ndipo lisiti muipemphe musanatuluke.