Satifiketi ya HR ya pa Loweruka ku Blantyre: malamulo tinaphunzira, za maliro ndi katapila ayi

Anthu angapo andifunsa ngati maphunziro a HR (ntchito yoona za anthu ogwira ntchito pakampani) amene ndinachita pa koleji ina yaing'ono mumzinda wa Blantyre ndi oyenera kuwonongerapo ndalama. Ine ndimati inde, koma chifukwa cha phunziro limodzi lokha, ndipo ndifotokoza.

Ndimagwira ntchito pa kampani yogulitsa katundu wa golosale mopikulitsa ku Limbe. Anandilemba ngati wolandira alendo, koma poti panalibe munthu woona za ogwira ntchito, mafayilo, makalata opempha tchuthi ndi madandaulo a alonda zonse zinkathera pa tebulo langa. Ndinkafuna kudziwa chimene ndikuchita, komanso kukhala ndi pepala. Makalasi anali a Loweruka, fizi amalola kulipira pang'onopang'ono, ndipo zimenezi ndikuwayamikira chifukwa ambiri m'kalasimo tinali anthu odikira malipiro a pamwezi. Mayi wina ankachokera ku esiteti ya tiyi ku Thyolo, kulawira pa minibasi.

Phunziro limene ndikunenalo ndi la malamulo a ntchito. Aphunzitsi ake anali bambo wachikulire amene anagwirapo ntchito ya HR zaka zambiri, ndipo sankafuna zolakatula manotsi. Tsiku loyamba anatiuza kuti aliyense akasindikize Employment Act ya 2000 n'kumabwera nayo. Tinkawerenga ndime, iwo n'kufunsa kuti, "Kuntchito kwanu mumatani?" Apa m'pamene kalasi inkakhala chete. Munthu wogwira ntchito masiku asanu ndi limodzi pa sabata ayenera kulandira masiku 18 a tchuthi pachaka, wa masiku asanu 15. Maola wamba asapitirire 48 pa sabata. Ovataimu ya tsiku wamba ndi malipiro a ola limodzi ndi theka pa ola lililonse, ya pa holide ndi kawiri. Mayi woyembekezera ali ndi masabata 8 olandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu. Amene wagwira ntchito chaka chathunthu akadwala ali ndi masabata 4 a malipiro onse ndi 8 a theka. Ambiri tinazindikira kuti zinthu zimene mabwana amapereka ngati chifundo ndi ufulu wa wantchito wolembedwa m'malamulo.

Chimene chinandilowa kwambiri ndi Loweruka limene tinayeserera mlandu wa pantchito. Anatigawa: wina mlonda amene wapezeka akugona katundu n'kubedwa, wina supavayiza wodandaula, wina wapampando, wina wolemba zokambirana. Wapampando uja atangoyamba ndi mawu akuti, "Iwe, tikudziwa kale zimene unachita," aphunzitsi anaimika dzanja.

"Achimwene, ngati mukudziwa kale, mwamuitaniranji munthuyu? Kalata yomuuza mlandu wake munamupatsa liti? Anapatsidwa nthawi yokonzekera? Mwamulola kufunsa mafunso amene akumunenezayo?"

Kenako anatitsegulitsa ndime 57 ya Employment Act ija, imene imafuna zinthu ziwiri munthu asanachotsedwe chifukwa cha khalidwe kapena kagwiridwe kake ka ntchito: chifukwa chomveka, ndi mwayi woti adziteteze. Anatiuza kuti makampani ambiri amagonja ku Industrial Relations Court, khoti loona milandu ya zantchito, osati poti wantchitoyo analibe mlandu, koma poti anamuthamangitsa osamumva, ndipo kukhotiko ndi wolemba ntchito amene amafunika kusonyeza chifukwa chake. Mlonda wa m'sewero lathu atapatsidwa mpata, ananena kuti anagwira usiku ndi usana wotsatizana chifukwa womulandira sanabwere. Mlandu wonse unatembenuka. Lolemba lake ndinakonza kalata yoitanira munthu ku mlandu imene tikugwiritsabe ntchito pakampani pathu, ndipo chichokereni apo palibe amene wapita kukatisumira ku leba.

Phunziro la malipiro linali lofooka. Zoti wolemba ntchito amaika 10 peresenti ku penshoni ndipo wantchito 5, zoti PAYE, msonkho wodulidwa pa malipiro, imapita ku bungwe lotolera misonkho la MRA, zoti pali levi ya TEVET (yothandizira maphunziro a ntchito zamanja) ya 1 peresenti, zonsezi tinalemba m'makope. Koma kuwerengera kwake kunali kwa pa bolodi. M'chipinda cha makompyuta makina ogwira ntchito anali ochepa, magetsi akazima jenereta inalibe mafuta, ndipo tinamaliza osakonzapo peyirolo (ndandanda wa malipiro a antchito) ngakhale imodzi pa Excel. Pa intavyu iliyonse ya ntchito ya HR ya ongoyamba kumene amafunsa zimenezi. Ine anandiphunzitsa ndi mnzanga wa ku akaunti kwathu, nthawi ya nkhomaliro.

Koma chimene chimandipweteka mpaka lero ndi phunziro la chikhalidwe cha pantchito, chifukwa ndi limene ndinkaliyembekezera kwambiri. Tinapatsidwa manotsi ofotokopa kuchokera m'mabuku akunja, odzaza ndi zithunzi za mabokosi ndi mivi, ndi zitsanzo za makampani a ku America. Tinaloweza, tinakhoza mayeso. Palibe tsiku limene tinakambirana zimene munthu wa HR kuno amakumana nazo asanamwe n'komwe tiyi.

Maliro, mwachitsanzo. Wantchito akabwera n'kunena kuti amalume ake amwalira ku Mulanje, ndipo malamulo a kampani amangotchula mkazi, mwamuna, ana ndi makolo, umatani? Kwa ambiri kuno kummwera amalume ndiwo mwini mbumba, mwina ndiwo anamulipirira fizi munthuyo. Ukamukaniza, antchito onse amaona kuti kampani ilibe umunthu. Ukalola aliyense popanda ndondomeko, sitolo imakhala yopanda anthu. Nanga galimoto, bokosi, chipepeso, amalipira ndani ndipo mpaka pati? Izi zimafuna kuganiziridwa bwino n'kulembedwa, ndipo kalasi yodzaza ndi anthu ochokera m'makampani osiyanasiyana inali malo abwino oti tiphunzitsane.

Chimodzimodzi adivansi ndi katapila. Pofika pa 15 anthu amayamba kuzungulira pakhomo la ofesi yanga. Ena khadi lawo la ku banki lili m'manja mwa wakatapila, malipiro akalowa sawaona n'komwe, ndipo munthu wotereyu ndi amene mawa amajomba kapena kugwidwa ndi paketi ya shuga m'chikwama. Palinso mantha. Pamsonkhano bwana akafunsa ngati pali vuto, onse amati, "Palibe, bwana," kenako amanditsatira m'modzim'modzi kukhonde. Ndipo pali foni ija ya munthu wamkulu yakuti, "Pali mwana wa achemwali anga, mumuoneko pa ntchito mwalengezayo." Wongoyamba kumene HR amayankha bwanji osataya ntchito yake, osaponderezanso amene anakhoza intavyu? Manotsi aja sananenepo kanthu.

Nkhani ya nkhanza zokhudza kugonana pantchito, imene Gender Equality Act ya 2013 imaletsa, inangotenga theka la ola. M'kalasi mmene amayi tinali ochuluka, ndipo pa nthawi yopuma pafupifupi aliyense anali ndi nkhani yoti anene, zimenezi sizinandikwanire ngakhale pang'ono. Tinkafunika kuphunzira kulandira dandaulo lotere mwachinsinsi, makamaka pamene wonenezedwayo ndi amene amasaina malipiro ako.

Za atachimenti, kokaphunzira ntchito pakampani, polembetsa anatilonjeza kuti adzatipezera malo. Tinangolandira kalata yodinda chidindo, kusaka kunali kwathu. Ife apantchito sizinatikhudze, koma achinyamata amene anangochoka ku Fomu 4 anavutika, ndipo ena mpaka pano akuyendabe ndi maenvulopu.

Choncho ngati muli kale pantchito ndipo mafayilo a anthu ali m'manja mwanu, pitani, malamulo okhawo adzabweza ndalama zanu. Ngati mukuchokera kusukulu, musanalipire onani kaye ngati kolejiyo ndi yovomerezeka ndi NCHE kapena TEVETA, mabungwe a boma ovomereza makoleji, pemphani kuona chipinda cha makompyuta ali oyaka, ndipo funsani ngati amene adzaphunzitse malamulo anakhalapo pampando wa mlandu weniweni wa pantchito. Ndamva kuti bambo aja akuphunzitsabe, ndiye polembetsa funsani kuti mulowe kalasi yawo.