Hita yaing'ono yoteteza madzi m'galimoto yotsukira mawindo

Ndagwiritsa ntchito hita yamagetsi yooneka ngati paipi, yokhala ndi thermostat (kachipangizo koiyatsa ndi kuizimitsa malinga ndi kutentha), m'galimoto yanga yonyamula madzi ndi zipangizo zotsukira mawindo kwa nyengo yonse yachisanu, ndipo ndikuona kuti yagwira ntchito imene ndinaigulira, yoletsa madzi kuundana. Madzi akaundana pa madigiri 0 amafufuma ndi pafupifupi 9 peresenti, ndipo kufufuma kumeneku n'kumene kumang'amba pampu, zikho za masefa ndiponso kansalu kosefera ka makina a reverse osmosis (ochotsa mchere m'madzi), komwe kakawonongeka sikakonzekanso. Mankhwala oletsa kuundana sitingawathire m'thanki, chifukwa madzi athu ayenera kukhala opanda mchere uliwonse kuti galasi liume lopanda mawanga.

Hitayi ndinaimangirira pansi, pafupi ndi pampu, ndipo thermostat ndinaitchera pa madigiri 5, motero imayaka yokha kukazizira n'kuzima kukafunda. Thanki yaikulu sinandidetse nkhawa kwenikweni, pakuti madzi ochuluka amachedwa kuundana. Ngozi ili m'timapaipi ting'onoting'ono.

Apa ndi pamene ndinapeza kufooka kwake. Kutentha kwake sikufika kuchitseko chakumbuyo kumene kuli chokulungira paipi, ndipo m'mawa wina ndinapeza kampopi kake kataundana gwa, ngakhale kuti hitayo inayaka usiku wonse. Tsopano ndimakhutula madzi m'paipiyo madzulo aliwonse n'kuifunditsa bulangete lochindikala. Imafunanso chingwe chamagetsi chochokera m'nyumba, choncho amene amagoneka galimoto yake mumsewu, kutali ndi soketi, sangapindule nayo.